Nyumba Yopanda Utsi

Pa Chimbiya, Dedza
13 Meyi 2024

Okondedwa achemwali Anjelina,

Moni wochuluka. Muli bwanji ku Lilongweko, nanga ntchito ya m'nyumba mwa abwana anuwo ikuyenda? Kuno Tikondwe ali bwino, wayamba kunena "ayi" pa chilichonse. Amene sali bwino ndine. Kalatayi muwerenge muli nokha, mukatha muing'ambe.

Achemwali, matenda aja abwerera. Akhunyu aja. Mukudziwa kuti ndinasiya kugwa ndili Sitandade 5, ndipo a Zikhalo atabwera kudzandifunsira malemu amayi anati tisanene, zinatha kale. Sizinathe. Lachinayi m'mawa ndinkaphika phala m'khitchini, Tikondwe ali kumsana. Ndinamva kafungo kaja ngati mphira wopsa, kaja ndinkakuuzani tili ana, kenako sindikudziwa. Nditatsitsimuka ndinali chigonere, tsaya pa phulusa, lilime nditaluma, phala litatayikira pa mafuwa. Chitenje chinali chikufuka m'mphepete, chibowo chake cholowa chibakera. Mwana anali atapulumuka m'chitenjemo, atakhala pansi, akundimenya kumaso ndi chipande kuti ndidzuke. Ndinamuvula zonse, ndinamuyang'ana mpaka pakati pa zala za kumapazi. Sanapse. Inenso sindinapse. Koma pakati pa mwendo wake ndi chikuni panali mpata wa chikhatho changa chokha. Ndinayeza.

Motowo ndinauthira madzi a m'ndowa ndipo sindinausonkhenso. Lero ndi tsiku lachisanu.

Mwina mukuti bwanji osauza apongozi. Kuno si kwathu, achemwali. Ndinabwera chitengwa, anthuwa analowola, mwana ndi wawo. Kuno amati matendawa amapatsirana ndi malovu, pa mbale, pa chikho. Kuseri kwa tchalitchi kuli mayi wina amene amagwa, amadyera m'kambale kakekake, ana ake awiri anawagawana abale a mwamuna, amangowaonera patali akamapita kusukulu. Amatinso wakhunyu akapsa ndi moto ndiye basi sachiranso. Ndiye ndikanena amutenga Tikondwe, ndikaphika ndimuotcha. Ndaona kuti bola kusanena ndi kusaphika.

Mwayi wake apongozi akukolola ku munda wa kutsidya, amachoka kukucha, amabwera atatopa, sayang'ana denga la munthu. A Zikhalo ali ku Chikangawa kocheka matabwa chichokereni Khirisimasi itangotha. Foni ili kwa apongozi, akaimba ndimalankhula apongozi ataima pomwepo, ndiye ndinganene chiyani kupatula kuti tonse tili bwino.

Ndikupempha mundifunsire kumeneko ngati kuli mankhwala oti munthu n'kumwa osadziwika. Munditumizirenso zakudya zosafuna moto, zilizonse. Mwana ali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi inayi, bere anasiya, sangakhalire nthochi zokha.

Kalatayi ndapatsira a Stefano a minibasi, aja mumatumizira katundu. Mundiyankhe msanga. Ndikuopa.

Ndine mng'ono wanu,
Dorika

*

Pa Chimbiya
21 Meyi

Achemwali,

Moni. Ndaima pamsewu masiku atatu, a Stefano akuti palibe changa. Kapena mwakwiya? Ife tikadali monga ndinanenera m'kalata ija, moto sindinasonkhe, ino ndi sabata yachiwiri.

Ndikuuzeni mmene tikudyera kuti musamade nkhawa ndi mwana. M'mawa ndimakanya nthochi ziwiri ndi nsinjiro, amadya mpaka kunyambita chala changa. Masana peyala lakupsa bwino, ndithiremo kashuga, ndipondeponde ndi supuni, ndimudulire kabuledi aziviika. Mpunga ndimaunyika madzulo, m'mawa ndiusinje mu mtondo mpaka ufewe, ndisakanize ndi nthochi, ndiumbe timibulu ngati mazira a njiwa. Timeneti amati "mpila" ndipo amayamba watiponya kaye. Ndinaboola chivindikiro cha chitini ndi msomali, ndimapalira mbatata ndi karoti, zimatuluka ngati utuchi, ndifinyiremo nachesi. Nsawawa za kudimba zanthete amatafuna yekha. Tsiku lina ndinayesa ufa woyera m'madzi ozizira ndi shuga, anatsegula m'mimba masiku awiri, sindidzabwerezanso. Ine ndimadya zotsala zake, nzimbe ndi mtedza wauwisi. Nsagwada zikupweteka.

Chovuta ndi chisanu. Kwayamba nkhungu, m'mawa phiri silioneka. Madzi omusambitsa ndimawaika padzuwa mu beseni lakuda, masiku ena dzuwalo silibwera. Chakudya chozizira, madzi ozizira, mwana akudya akunjenjemera.

Mapeyala akutha m'mitengo. Chonde nditumizireni buledi, chiponde cha m'botolo, mkaka wa ufa, shuga ndi mpunga. Mabisiketi ngati alipo. Musatumize nyemba kapena ufa, sindingachite nazo kanthu.

Dorika

*

Kawale, Lilongwe
27 Meyi

Dorika mng'ono wanga,

Moni ndalandira. Ine ndili bwino, kungoti msana. Kalata yako ya pa 21 ndaiwerenga katatu ndipo sindikuimvetsa. Ukunena za kalata ina, ine sindinalandire ina iliyonse.

Iwe, chakugwira n'chiyani? Munthu uli pansi pa phiri la mitengo yokhayokha ndiye ukuti moto sunasonkhe? Nkhuni zakulemera? Ine kuno ndimadzuka anthu onse ali mtulo, kuyatsa mbaula, kuphikira ana a eni, kuchapa mpaka zala kuyera, iwe uli phee kuumba timibulu ta mpunga ngati wa masanje. Mwana wa munthu akudya mbatata yaiwisi ngati mbewa ya m'nkhokwe. Chiponde cha m'botolo, mabisiketi. Ngakhale adona anga salemba zotere akamandituma kusitolo. Amayi akanakhala moyo akanakukoka khutu kuchokera pa Chimbiya mpaka pa Boma.

Kapena ndi njala, ufa watha ndipo ukuchita manyazi kunena? Ndi zimene ndinaganiza poyamba. Ndiye alamu a Zikhalo ataimba Loweruka kufunsa za mnzawo wina, ndinawafunsa bwinobwino kuti kodi kunyumba mukutumiza, nanga bwanji mkazi wanu akupempha buledi kuno, akuti sabata ziwiri osaphika. Anati nkhokwe anaisiya yodzaza, afunsa amayi awo. Usandikwiyire, ndimafuna ndikuthandize.

Ndatumiza buledi mmodzi, shuga ndi mpunga. Ndaikamonso machesi, mwina ndi amene akusowa. Phika phala, mwana adye chotentha. Ukwati wa kwa eni sasewera nawo.

Mkulu wako,
Anjelina

*

Chikangawa
8 Juni

Amake Tikondwe,

Ndikhulupirira mwadzuka. Ine ndilipo. Kuno kukuzizira kuposa kwathu, utuchi uli m'maso ndi m'chifuwa, timagona m'zisakasa za makungwa. Ndalemba kalata chifukwa izi si zokamba pa foni ya amayi. Ibwera ndi lole ya matabwa.

Alamu a ku Lilongwe anandiuza zoti simukuphika. Ndinaseka. Ndinafunsa amayi, anati apita akaone. Dzulo andiuza zimene anaona.

Akuti anapita m'mawa ndi phale kudzapala moto kwanu, inu muli ku mjigo. Anakankha chitseko cha khitchini napeza nkhuku yaikira mazira anayi pakati pa mafuwa. Mafuwa amene amayi anakuikirani ndi manja awo Tikondwe atabadwa. Akuti mphika uli ndi ndele za kangaude. Anayang'ana mchere umene munagawana pa Pasaka, sunatsike ngakhale chala chimodzi. Akuti mbale imene munkawapatsira Lamulungu lililonse inasiya kubwera mwezi watha, iwo ankayesa ndi kutanganidwa ndi zokolola.

Amake Tikondwe, inu ndi ine tinakulira m'midzi, tisanamizane. Mkazi amene mwamuna wake ali kutali, akasiya kuphika, akamaopa kuthira mchere m'chakudya cha mwana wake, aliyense amadziwa chimene akuopa. Akuopa kumutsempha mwana chifukwa wayenda ndi mwamuna wina. Amayi akuti masiku onse amatsina mapazi a Tikondwe kuona ngati ayamba kutupa. Akuti bola inu muli ndi chisoni ndi mwana, ena amangothira.

Ine sindikufuna kukhulupirira. Ndakhala pa chipika tsiku lonse sowo ili m'manja, mnzanga mpaka anandilanda kuti ndingadzidule. Ndinabwera kuno chifukwa cha malata a nyumba yathu, si chifukwa chokonda nkhalango. Mungondiuza dzina lake. Sindimenya munthu, ndikungofuna kudziwa amene ndizimulambalala pamsewu.

Ngati si zimenezo, phikani pamaso pa amayi, muthire mchere ndi dzanja lanu. Mukakana, ndawauza atenge mwana mpaka nditabwera.

Zikhalo

*

Pa Chimbiya
17 Juni

Achemwali,

Moni sindikudziwa ngati ndikupatseni. Machesi anu ndinalandira. Amutenga Tikondwe.

Munawauziranji alamu anu? Tsopano mudzi wonse unayamba kunena kuti ndili ndi chibwenzi, ndiye n'chifukwa chake ndikuopa mchere. Ku mjigo azimayi ankandifunsa kuti amake Tikondwe, ndiwo zanu zikukoma osathira? Wina anati mwina ndi wa kabaza uja amavala jekete yofiira. Munthu sindinalankhulepo naye n'kamodzi komwe. Ine mchere ndiuthire pa nthochi?

Lachisanu masana apongozi anabwera ndi azimayi atatu a mphakati wa kutchalitchi, atanyamula nkhuni zawo, kalata ya a Zikhalo itafika dzana lake. Nkhuku anaichotsa pa mafuwa ndi mazira ake omwe, naiika m'lichero.

Anati, "Amake Tikondwe, ife sitinabwere ndi mlandu. Sonkhani moto, muphike phala la mwana, muthire mchere, tizipita."

Ndinati, "Amayi, ndiphika mawa."

Anati, "Mawa lanu layamba mwezi watha. Ufa uwu."

Ndinayang'ana azimayi aja, atakhala pakhonde, miyendo atatambasula ngati adzaonera gule. Ndinaganiza kuti phala silichedwa, mwina Mulungu andisunga mpaka lipse. Ndinali ndisanagone bwino masiku ambiri, m'mimba munali nzimbe yokha. Ndinamasula mwana kumsana ndi kuwapatsa apongozi. Anati muberekeni, mayi amaphika mwana ali kumbuyo. Ndinati ayi, mugwireni inu, ndipo mukhale uko pakhomo. Anandiyang'ana koma anamulandira.

Achemwali, moto utayaka ndinalira. Kutentha kuja pa manja, mwezi wathunthu. Tikondwe anayamba kuloza akuti "ayi, ayi". Madzi anawira, ndinathira ufa, ndinavundula. Ndinatapa mchere ndi zala zitatu, ndinakweza dzanja kuti onse aone, ndinathira. Mayi wina pakhonde anati, "Wathira." Ndiye kafungo kaja kanabwera.

Kamandipatsa nthawi yochepa, yongokwana kupuma kawiri. Ndinasiya mthiko, ndinalumpha mafuwa, ndinawakankha apongozi pakhomo ndikunena kuti chotsani mwana. Ndinafika pabwalo. Zotsatira ndauzidwa ndi ena.

Akuti azimayi aja anathawa atatseka pakamwa ndi mphuno ndi zitenje, wina anasiya patapata. Apongozi anathamanga ndi mwana osacheuka. Nditatsitsimuka dzuwa linali litapendeka, ndili ndekha pabwalo, dothi m'kamwa, nditadzikodzera. Phala linapserera mpaka mphika kubooka. Nkhuku ija inali ikutola ufa pafupi ndi mutu wanga.

Sindinapse. Izi zokha ndi zimene ndinachita bwino.

Madzulo apongozi anaima patali, pa mtengo wa pichesi paja, nati, "Za mwamuna mutikhululukire, tinakunamizirani. Koma mukanatiuza. Mwamudyetsa ndi dzanja mwana mwezi wonse, mumamupatsa chala anyambite." Ndinati ndi mwana wanga. Anati, "Ndi wathunso. Agona kwathu. Inu mbale yanu ndi chikho chanu muzisunge padera."

Nyumba yawo mukuidziwa, ndi yachitatu kuchokera pano. Ndimamumva akulira. Ndimadziwa kulira kwa njala ndi kulira kwa tulo, kumeneku ndi kwa njala. M'mawa uno ndinapezeka nditakanya nthochi ndi nsinjiro, mbale ili m'manja, ndilibe womupatsa.

Musatumizenso kanthu.

Dorika

*

Kawale
20 Juni

Dorika, mwana wa amayi anga,

Dzulo a Stefano andipatsa makalata awiri. Ina ya pa 17 Juni. Ina yakuda ndi oilo, yopindika, ya pa 13 Meyi. Akuti inagwera pansi pa mpando, aipeza pokonzetsa galimoto. Anati pepani mayi, ngati munthu wakuponda chala. Ndinawerengera pa depoti pomwepo ndipo ndinakhala pansi pa thumba la makala a eni mpaka mwini wake anandidzutsa.

Ndinakutumizira machesi. Ndakhala ndikuganiza zimenezo tsiku lonse, mbale za adona ndaswa imodzi. Ine amene ndinkakugoneka cham'mbali uli mwana, ine amene ndinkakuletsa kukhala pafupi ndi moto, ndinawerenga kalata yonena kuti sukusonkha moto ndipo sindinakumbuke. Ndinkadziwa ndine ndekha padziko pano. Tauni imadya mutu. Sindikupempha kuti undikhululukire lero.

Tsopano tamvera. Ndinkadya nawe mbale imodzi zaka zonse zija, tinkamwera chikho chimodzi, tinkafunda bulangete limodzi, malovu ako ndapukuta ndi dzanja ili. Ndinagwapo ine? Ukawauze apongozi ako zimenezo. Ndipo mawa lomwe upite kuchipatala, usadikire mankhwala obisa, palibenso chobisa. Adona anga akuti mankhwala ake alipo ndipo anthu amakhala nawo bwinobwino, ena mpaka ndi aphunzitsi. Usapite wekha pamsewu, upemphe munthu.

Ndapempha kuti ndibwere, akuti mpaka ana atsekere sukulu. Ndayesa kuwaimbira alamu, foni yawo sikupezeka. Ndatumiza chiponde, mkaka wa ufa ndi mabisiketi, ngakhale unati ndisatumize. Ndaikamo juzi yanga yobiriwira. Udye, iwe. Akadzamubweza mwana ukhale ndi mphamvu zomunyamulira.

Anjelina

*

Pa Chimbiya
2 Julaye

Achemwali,

Moni. Katundu anafika, juzi ndavala. Za machesi zisiyeni, ndagwiritsa kale ntchito kutokosera m'mano.

Kuchipatala ndinapita. Anandiperekeza ndi mayi uja wa kuseri kwa tchalitchi, dzina lake ndi a Magadalena, zaka zonsezi sindinkalidziwa. Palibe wina anavomera. Tinkayenda tikuyang'anana kuti ayambe kugwa ndani. Anamwino anandipatsa timapiritsi, kamodzi tsiku lililonse osadumphitsa. Anati matendawa sapatsirana, ngakhale ndi malovu, ngakhale ndi mpweya. Anati za kupsa ndi moto n'zabodza, koma ndisaphike ndili ndekha, ndisabereke mwana pamoto, ndisatunge pa chitsime chotsegula. Ndinawapempha alembe papepala. Ndinakawaonetsa apongozi, ndinawauzanso za inu ndi mbale imodzi ija. Anati pepala silinaonepo munthu akugwa, ndipo achemwali anuwo ali ku Lilongwe, tidziwa bwanji ngati sagwa kumeneko.

Mankhwalawa akundigonetsa. Ndimakhala pakhonde ngati thumba la chimanga chofumbwa. Koma sindinagwe.

Tsopano mvetserani za Tikondwe. Chimutengereni wakana phala. Akaona mbale ikufuka amatembenuka, amati "ayi", amaikankha. Nsima amalavula. Apongozi ayesa kumuopseza, ayesa kumuvinira, ayesa kumutsina mphuno. Amalandira masupuni awiri basi. Lachinayi anapita naye ku sikelo, akuti watsika, anawakalipira pamaso pa azimayi onse, gogo wamkulu ngati uja. Anayesa kumupatsa nthochi, anangoifinya n'kutaya. Akuti amangonena "mpila, mpila", iwo anakamubwerekera mpira weniweni wa mapepala.

Dzulo m'mawa ndinaona akubwera, mwana ali kumsana, m'manja muli lichero la nthochi ndi mapeyala awiri omaliza a mumtengo mwawo. Anaima pa pichesi paja. Maso awo anali ofiira, achemwali, nawonso atopa. Tikondwe atandiona anayamba kudzikoka mpaka chitenje kumasuka. Makosi a manja ake achepa.

Anati, "Mpila n'chiyani?"

Ndinawauza. Anati, "Pangani ndione."

Mpunga ndinali nawo wonyika kale, ndimanyikabe masiku onse, sindikudziwa chifukwa chake. Ndinasinja, ndinakanya ndi nthochi ndi chiponde chanu chija, ndinaumba. Iwo ankayang'ana manja anga ngati ndikusoka bala. Mwana akukuwa. Nditatha anati, "Idyani kamodzi, mulume theka." Ndinaluma. Anati, "Theka linalo bweretsani kuno."

Ndinayesa akufuna kumupatsa mwana. Ayi. Anayandikira, analitenga m'manja mwanga, analiyang'ana pamene panali mano anga, anachita chizindikiro cha mtanda, naliponya m'kamwa mwawo. Anatafuna nthawi yaitali. Kenako anati nditunge madzi m'chikho changa, ndimwe, ndiwapatse. Anamwa onse.

Anati, "Ine ndakalamba kale, ndikagwa palibe chotayika. Ndizidya za m'kamwa mwanu masiku onse mpaka Lamulungu. Ndikapanda kugwa, mwana abwera. Ndikagwa, musadzamufunsenso."

Ndinati, "Amayi, anamwino anena kale."

Anati, "Anamwino si agogo ake."

Kenako anasamba m'manja, anakhala pansi kutali pang'ono, anati ndiwauze kapangidwe, aumbe okha a mwana. Timibulu tawo tinatuluka ngati zibuma. Ndinati achepetse, anati zaka zonsezi ndaphikira maliro ndi maukwati, lero ndiphunzitsidwe kuphika kopanda moto. Tikondwe anatenga kamodzi, anaponya, anatola, anadya akundiyang'ana. Anadya tinayi.

Ndiye tili pamenepo. Lero abweranso, adya theka la buledi wanga wa peyala, akuti peyala la shuga ndi chakudya cha anthu osalapa. Tsopano ndikuopa china. Munthu wamkulu uja amadwala mawondo, njira ya kudimba ndi yoterera. Akangopunthwa pa mwala sabata ino, ndani adzanene kuti ndi mwala? Muwapempherere apongozi anga, achemwali, asagwe ndi chilichonse.

Dorika

*

Pa Chimbiya
8 Julaye

Bambo a Tikondwe,

Moni. Ndikhulupirira chifuwa chija chachepa. Kalata yanu ya pa 8 Juni ndinalandira, ndikuyankha lero. Amayi akuti anakuuzani zonse pa foni ndipo munangoti mwamva. Kuchokera pamenepo simunaimbenso.

Munafunsa dzina la mwamuna. Palibe. Chimene ndinakubisirani ndi matenda, ndinali nawo ndili mwana, ndinkayesa anatha. Ndinalakwa kusakuuzani. Ndikumwa mankhwala, masabata awiri tsopano. Akuti mwina ndidzamwa zaka. Ngati mukufuna mkazi wosamwa mankhwala mundiuze ndi pakamwa panu mukabwera, osati kudzera kwa anthu.

Amayi adya za m'kamwa mwanga masiku asanu ndi awiri. Lachitatu anasiya kupita kudimba, anati mawondo, koma ine ndikudziwa ankaopa kuterereka. Lachinayi Tikondwe anawapulumuka, anathamangira mbale yanga, anatapa ndi dzanja lonse n'kudya. Ine ndinauma. Amayi anaona, ndikulumbira anaona, koma anatembenukira kuphiri nayamba kunena za mitengo ya paini kuti aidula kwambiri chaka chino.

Dzulo ku Misa anaima nthawi yonse, ngakhale pa ulaliki pamene aliyense wakhala. Wina anawakoka chitenje kuti akhale, anati ndisiyeni anthu andione. Potuluka anadutsa pakati pa azimayi a mphakati aja, anati, "Mwandiona? Ndagwa?" Mmodzi anati mwina zimachedwa. Amayi anati, "Patapata lanu lili kwa mpongozi wanga, mukalitenge nokha."

Masana anabwera ndi Tikondwe, kabulangete kake ndi kambale kake. Sanaime pa pichesi, analowa mpaka m'nyumba. Anandiuza malamulo awo. Moto wa pano suyaka. Chotentha chizichokera kwawo, ndikafuna kuphika ndizikaphikira pa mafuwa awo iwo ali pomwepo. Madzi osamba mwana azitenthetsa ndi iwo. Za m'mawa ndi zokhwasula masana ndi zanga, poti mwana wanu phala akulikanabe, ngakhale dzulo analawa mbatata yophika itazizira. Ku mjigo ena sakufunabe kugwira ndowa yanga. A Magadalena a kuseri kwa tchalitchi anabwera kudzaona ngati n'zoona kuti mwana wabwerera, ndinawapatsa timibulu tiwiri ta mpila, kamodzi anakamangirira pa chitenje chawo.

Nkhuku ija yabwerera pa mafuwa. Amayi akuti isiyeni, pakhale wina wogwiritsa ntchito.

Mukamabwera mubweretse mpunga, mapeyala atha. Ndatopa kwambiri, bambo a Tikondwe, sindinama. Pepani zilembo zapindika. Wagona pa mkono umene ndikulembera ndipo sindikufuna kumusuntha.

Ndine mkazi wanu,
Dorika